Adadziwa bwanji kuti pakati pa nyenyezi pali zangati mwaye?

Wowerenga wina wanditumizira imelo, akuti: "Achimwene, ndamva zoti mlengalenga muli zinthu zofanana ndi mwaye, ndiye adadziwa bwanji poti palibe adapitako kukatapa?"

Akulu, yankho lili mu labu. Mu 1973 wasayansi wa zakuthambo Gillett ndi anzake adaloza telesikopu ku NGC 7027, mtambo wa gasi wotayidwa ndi nyenyezi yomwe ikufa, n'kupeza kuwala kwa infrared (kuwala kosaoneka ndi maso) kosadziwika gwero lake. Kenaka kunayamba kuoneka paliponse, makamaka pa ma micrometre 3.3, 6.2, 7.7, 8.6 ndi 11.3 (umenewu ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwalako). Mu 1984 Léger ndi Puget ku France, kenaka Allamandola, Tielens ndi Barker mu 1985, adati amenewa ndi ma PAH, timamolekyu ta kaboni tolumikizana m'mphete, hayidirojeni ali m'mphepete. Omwewa amapezeka mu utsi wa galimoto ndi mwaye wa kunsi kwa poto.

Apa ndiye pomwe pamandikomera ine. Ku labu ya NASA Ames ku America amatenga PAH, kuitenthetsa mpaka isanduke nthunzi, n'kuiumitsa mkati mwa gasi wa argon pa kagalasi kozizira pafupifupi 10 K (-263 °C), kuti molekyu iliyonse ikhale payokha osakhudzana ndi inzake, kenaka amaunikapo infrared n'kuona pomwe ikuyamwa kuwalako. 3.3 ija imachokera pa kaboni ndi hayidirojeni akamakokana, 6.2 ndi 7.7 ndi kaboni okhaokha akamanjenjemera. Poyamba sizimagwirizana bwinobwino, 6.2 ndi 7.7 za mu labu zinali zofooka pomwe kumwambako ndi zamphamvu. Atawomba mamolekyuwo ndi ultraviolet (kuwala kwamphamvu kosaoneka ndi maso) kuti electron imodzi, kachidutswa ka atomu, ichoke, zija zinakwera mpaka kufanana ndi zakumwamba. Pafupi ndi nyenyezi zotentha ultraviolet ndi yambirimbiri, ndiye zikumveka.

Koma ndisakunamizeni kuti nkhani inatha ayi. Zili ngati kumva kwaya ikuimba tsidya la mtsinje, mukudziwa kuti ndi kwaya koma simungatchule woimba ngakhale mmodzi. Ma PAH onse amawala pafupifupi pamalo omwewo. C60, molekyu yozungulira ngati mpira ya ma atomu 60 a kaboni, Jan Cami adailozadi ndi chala mu 2010 ku Tc 1, mtambo wina wa nyenyezi yomwe ikufa, ndi telesikopu ya Spitzer, koma iyo si PAH. PAH yodziwika ndi dzina, cyanonaphthalene, asayansi ena adaipeza mu 2021 ku mtambo wa TMC-1, koma kudzera pa mafunde a wailesi ndi telesikopu ya ku Green Bank, osati infrared.

Wasayansi wina, Sun Kwok, amatsutsa, akuti ndi tinthu ta kaboni tosakanikirana chisawawa. Ineyo ndili mbali ya ma PAH chifukwa cha zija za electron, koma mkuluyu ali ndi mfundo ndithu.