Sulphur ndi 2- pa tebulo, nanga +6 wa mu H2SO4 akuchokera kuti?

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji periodic table ikusonyeza kuti sulphur ali ndi chaji ya 2-, pomwe aphunzitsi akuti mu H2SO4 (sulphuric acid) ndi +6. Zonse ziwiri n'zoona, kungoti zikunena zinthu zosiyana, ndipo ambiri okonzekera MSCE amapunthwa pomwepa.

Tebulo limakuuzani chaji ya ion, ndiye kuti atomu ikataya kapena kulandira ma electron. Nambala ya group (mzere wotsika wa pa tebulo) ndiyo chiwerengero cha ma electron akunja. Sodium ali mu Group I, ali ndi imodzi yokha kunjako, amaitaya n'kukhala Na+. Calcium amataya awiri, aluminium atatu. Kumanja kwa tebulo, pa 8 chotsanipo nambala ya group, yotsalayo ndi ma electron amene atomu imalandira: nitrogen 3-, oxygen ndi sulphur 2-, chlorine 1-.

Koma mu H2SO4 sulphur sanalandire kanthu. Akugawana ma electron ndi oxygen, ndipo oxygen amakoka mwamphamvu kuposa iye. Oxidation number ndi njira yowerengetsera chabe: timachita ngati wamphamvuyo watenga onse. Ma hydrogen awiri, aliyense +1, akupereka +2. Ma oxygen anayi, aliyense -2, akupereka -8. Zonse pamodzi ziyenera kufika pa 0 chifukwa H2SO4 alibe chaji, choncho sulphur ndi +6. Taonani kuti 6 ameneyu ndi nambala ya group yake ija, sangapitirire apo chifukwa ma electron akunja ali nawo 6 basi. Mu SO2 ndi +4, mu H2S ndi -2. Tebulo limakupatsani malire, pakati pake muwerengetse nokha.

Chitsanzo chimene ndimachikonda chili m'thumba la feteleza wa CAN. Muli ammonium nitrate, NH4NO3, wopangidwa ndi ma ion awiri, NH4+ ndi NO3-. Mu NH4+ zonse ziyenera kufika pa +1, ma hydrogen anayi ndi +4, nitrogen ndi -3. Mu NO3- ziyenera kufika pa -1, ma oxygen atatu ndi -6, nitrogen ndi +5. Nitrogen yemweyo, mchere umodzi, manambala awiri.

Zitsulo zapakati pa tebulo musamaziwerengere ndi group ayi. Iron amakhala +2 kapena +3, n'chifukwa chake dzina limabwera ndi nambala ya Chiroma, monga iron(III) oxide wa m'dzimbiri la pamalata. Kumbukiraninso kuti element ikakhala yokha, ngati O2 kapena Fe, imakhala 0, ndipo oxygen mu hydrogen peroxide, H2O2, ndi -1.

Polemba samalani: chaji timalemba 2+, oxidation number timalemba +2. Tsopano yesani kupeza manganese mu KMnO4 (potassium permanganate), mankhwala a pepo aja. Potassium muyambe mwamuyang'ana pa tebulo. Mukapanda kupeza +7, tumizani mmene mwawerengetsera tione limodzi pamene pasokonekera.