Kodi mawu akuti "jumbo" anachokera kuti?

Funso: Akonzi, agogo anga amanenetsa kuti mawu akuti "jumbo", amene timatchulira matumba apulasitiki, si Chichewa, ndipo amati poyamba linali dzina la munthu. Kodi zimenezi ndi zoona? Ndine wowerenga wa ku Balaka.

Yankho: Agogo anu akulondola ponena kuti mawuwa ndi obwera, koma mwini dzinalo sanali munthu. Jumbo inali njovu yamphongo imene inagwidwa ili yaing'ono ku Sudan, nitumizidwa ku Paris, kenaka m'chaka cha 1865 inasamutsidwira kumalo osungira nyama a London Zoo, kumene ana ankaikwera pamsana. Ena amati dzinalo linatengedwa ku moni wa Chiswahili wakuti "jambo", pamene ena amaloza mawu akuti "jumbe", otanthauza mfumu, omwenso tikuwadziwa m'mbiri ya ku Nkhotakota.

Njovuyi inakula mpaka kupitirira mamita 3 kuchokera pansi kufika paphewa. M'chaka cha 1882 P. T. Barnum, mwini gulu la zionetsero wa ku America, anaigula pa mtengo wa mapaundi 2,000, ngakhale kuti anthu a ku London anadandaula kwambiri, ndipo anailengeza mokokomeza ngati nyama yaikulu koposa zonse. Inafa pa 15 Sepitembala 1885 itagundidwa ndi sitima yapamtunda ku St. Thomas m'dziko la Canada, koma pofika nthawiyo Angerezi ndi Amereka anali atayamba kale kutchula chinthu chilichonse chachikulu kuti "jumbo". Ndege ya Boeing 747, imene inauluka koyamba m'chaka cha 1969, inapatsidwanso dzina lomweli, ndipo amalonda amalilemba pa katundu wa saizi yaikulu.

Ine ndikuona kuti mawuwa anatipeza kudzera pa malonda omwewo, anthu atayamba kutchula thumba lalikulu ndi dzina la saizi yake, mpaka dzinalo linafalikira ku matumba onse. Lero pamsika mayi amangoti, "Mundiikire m'jumbo," ndipo pamene boma linaletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, anthu ankangoti aletsa majumbo. Chimene chimandisangalatsa ndi chakuti tinawapatsa mawuwa magulu athu a maina, kotero kuti kathumba kamene wogulitsa amamangamo mchere kapena mafuta ophikira ongokwanira ndiwo za tsiku limodzi timakatcha "kajumbo", ngakhale kuti dzinalo ndi la njovu.