Kwa Mayi amene mukufuna kuyenda ulendo wa ku Santiago muli ndi BP

Mayi, mwafunsa ngati munthu wa matenda a kuthamanga kwa magazi angayende wapansi ulendo wa Camino Francés, wochokera ku Saint-Jean-Pied-de-Port ku France kukafika ku Santiago de Compostela ku Spain, ndiponso chimene mungachite mutadwalira m'njira. Ine ndikuti pitani, bola dokotala wanu avomereze, koma masiku odwala ndi opumula muwawerengeretu musanagule tikiti ya ndege. Mtundawu ndi wa makilomita pafupifupi 780, ndipo ambiri amautsiriza m'masabata asanu. Inu onjezeranipo sabata yathunthu, chifukwa chimene chimakulitsa matenda panjira imeneyi ndi tikiti yobwerera imene imakakamiza munthu kuponda msewu tsiku limene thupi lakana.

Tsiku loyamba lenilenilo ndi limodzi mwa masiku owawa. Kuchokera ku Saint-Jean kukafika ku Roncesvalles ndi makilomita pafupifupi 25 odutsa mapiri a Pyrenees, ndipo chitunda chake chimakwera mamita oposa 1,200. Mukhoza kugona ku Orisson, pa makilomita pafupifupi 8, mutasungitsiratu malo, kapena kungoyambira ku Roncesvalles komweko. Sindikuona chifukwa chakuti muyese mtima wanu pa phiri limeneli miyendo isanazolowere.

Mankhwala anu a BP munyamule okwanira ulendo wonse ndi ena apadera, m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala yotchula dzina lenileni la mankhwalawo, popeza mayina a pa paketi amasiyana dziko ndi dziko. Funso limene ndikukupemphani kuti musaiwale kumufunsa dokotalayo ndi ili: mudzatani ndi mapiritsiwo tsiku limene mwatsegula m'mimba kapena mukusanza? Mankhwala ena a BP, makamaka okodzetsa aja, amatsitsa BP mopitirira ndi kulemetsa impso pamene m'thupi mwachepa madzi. Pa chifukwa chomwecho samalani ndi ibuprofen, amene apaulendo amagawana momasuka m'nyumba zogona akamva bondo kuwawa, chifukwa amakweza BP ndipo sagwirizana ndi impso za munthu wouma m'thupi. Panado ndiye wofatsirapo.

Kutsegula m'mimba kumafala chifukwa anthu ambiri amagona chipinda chimodzi ndi kugwiritsa ntchito zimbudzi zomwezo. Tengani mapaketi angapo a Thanzi ORS, ndipo akatha pemphani suero oral, ndiyo ORS m'Chisipanishi, ku sitolo ya mankhwala, imene mudzaizindikire ndi mtanda wobiriwira. Mpope wolembedwa kuti agua no potable musamwepo. Pa chigwa cha Meseta, pakati pa Burgos ndi León, mithunzi ndi yochepa, ndipo kuchokera ku Carrión de los Condes pali makilomita 17 opanda mudzi mpaka ku Calzadilla de la Cueza. Amenewo si malo oyendapo m'mimba musanakhazikike.

Pali nkhani ina imene anzanu a ku Ulaya sadzakuuzani chifukwa siwakhudza. Ngati mukunyamukira ku Malawi, mukhoza kukwera ndege muli ndi tizilombo ta malungo m'magazi, ndipo matendawo nkudzaonekera patapita sabata imodzi mpaka mwezi, inu muli pakati pa Spain. Kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi n'zosavuta kuziyesa kutopa kwa ulendo, ndipo dokotala wa m'mudzi wa ku Castilla sangafulumire kuganiza za malungo inu mukapanda kumuuza kumene mwachokera. Thupi likatentha pitani ku centro de salud, chipatala chaching'ono cha m'deralo, tsiku lomwelo, nenani kuti mwachokera ku dziko la malungo, ndipo pemphani kuti akuyezeni magazi. Mawu ake m'Chisipanishi ndi malaria kapena paludismo. Alembeni pa kapepala pamodzi ndi mayina a mankhwala anu, kapepalako kazikhala m'pasipoti. Izi ndazikokera dala, chifukwa malungo a kwathu akachedwa kupezeka amapha ngakhale m'dziko la zipatala zabwino.

Chifuwa chikathina, mpweya ukabanika, mutu ukawawa modabwitsa, kapena mbali imodzi ya thupi ikafooka, imbani 112, nambala ya thandizo ladzidzidzi, pomwepo, osadikira kuti mufike mudzi wotsatira. Inshuwalansi imene amafuna popempha viza ya Schengen, yolowera ku France ndi ku Spain, iyenera kufika mayuro 30,000, koma werengani bwino ngati ikuvomereza matenda amene muli nawo kale, pakuti zambiri zimawakana mukapanda kuwatchula pogula.

Za matuza ndi nsikidzi mudzamva zambiri kwa ena. Ndingonena kuti nsapato muziyendere miyezi ingapo musananyamuke, ndipo chikwama chisapose gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwanu. Masiku ofooka tumizani chikwamacho patsogolo kudzera ku Correos, positi ya ku Spain, imene imanyamula katundu wa apaulendo kuchokera pogona pamodzi kukafika pena.

Nyumba zogona za apaulendo, zotchedwa albergue, kawirikawiri zimalola usiku umodzi wokha, koma wodwala amene wafotokoza bwino, makamaka ali ndi kalata ya kuchipatala, nthawi zambiri amamulola kukhalabe. Ngati thumba likulola, lipirani chipinda chanokha masiku amenewo kuti mugone mokwanira ndi kupewa kupatsira anzanu. Ndikudziwa kuti ambiri amanyamuka atalonjeza kwa Mulungu, ndipo kukwera basi kumawalasa mumtima ngati aphwanya lonjezo. Kambiranani ndi bambo mfumu wanu za nkhawa imeneyi musanapite. Ofesi ya apaulendo ku Santiago imapereka chikalata cha Compostela kwa amene wayenda wapansi makilomita osachepera 100 n'kukafika ku Santiago, n'chifukwa chake ambiri amayambira ku Sarria, tauni imene ili pa mtunda woposa pang'ono makilomita 100 kuchokera ku Santiago, ndipo pa chigawo chimenechi mudzafunika zidindo ziwiri patsiku m'kabuku kanu ka wapaulendo kotchedwa credencial. Matenda akakudyerani masiku ku Meseta, kwerani basi kapena sitima mpaka ku Sarria, mupumule, muyambirenso pamenepo. Akakubwezani kunyumba, sungani kabukuko, chifukwa amalola kudzapitiriza chaka china kuyambira pa chidindo chomaliza.