Kwa a ku Mzuzu amene mwangofika ku UK: musamaweramitse mutu

Anamwino ndi osamalira okalamba amene mwangofika kuchokera kwathu ku Mzuzu, pali mawu amene muziwamva kawirikawiri kuno: confidence, kutanthauza kudzidalira. Amapezeka pa zotsatsa ntchito, ndipo mabwana ena akakukanani pa intavyu amati ndi chimene chinasowa.

Akatero sakunena kuti ntchito simuidziwa. Akunena za mmene mwaonekera pamaso pawo. Kwathu mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso, amatsitsa mawu, ndipo akafunsidwa zimene wachita amangoti "tinayesetsa". Ku Katoto kapena ku Chibavi umenewo ndi ulemu weniweni, ndipo sindikuti muutaye. Koma bwana wa ku Leeds akaona zotero amayesa kuti mukukayika, mwinanso mukubisa kanthu. Ndiye akakufunsani za wodwala amene munamuthandiza mu wodi ku Mzuzu Central, muyang'aneni, munene zimene munaona inuyo ndi zimene munachita inuyo. Kumeneko si kudzitama ayi. Wodzitama ndi amene amanena zomwe sanachite.

Anamwino, pa mayeso a OSCE, oonetsa luso la ntchito pamaso pa woyesa, amene NMC (bungwe lolembetsa anamwino kuno) imafuna musanalembetsedwe, woyesa amalemba zimene waona ndi kumva basi. Za mumtima mwanu sazidziwa. Chilichonse chimene mukuchita muzichinena momveka. Chingerezi muli nacho, paja munadutsa kale mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET.

Chimene chimandipweteka ndi kuona anzathu akugwedeza mutu kuvomera pamene sanamve, poopa kuoneka osadziwa. Kalankhulidwe ka anthu a ku Glasgow kapena Newcastle kamavuta ngakhale azungu anzawo. Kungovomera pa nkhani ya mankhwala kungapweteke wodwala, inu ntchito n'kukutherani. Kuno munthu wopempha kuti abwereze zimene anena amamuona kuti ndi wodzidalira, ndipo ndi amene amamukhulupirira.

Chenjeraninso ndi mawu omwewa akabwera mwina. Munthu akati akukuuzani in confidence, ndiye kuti ndi zachinsinsi, zosakakamba ku tchalitchi kapena pa gulu la WhatsApp la a ku Mpoto. Koma gogo amene mukumusamalira akakunong'onezani kuti wina akumuzunza kapena kumulanda ndalama, musamulonjeze kuti mukhala chete. Muuzeni mwaulemu kuti nkhani yotere muyenera kuifikitsa kwa akuluakulu a pantchito, ndipo muifikitse tsiku lomwelo.