Nyenyezi ya katoni imene inapindika: yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangoyamba kumene kupanga zokongoletsera pamanja. Akuti ankafuna nyenyezi yopachika pamtengo wa Khirisimasi. Anadula katoni, n'kumatapo pepala limene anasindikiza pa printer yakunyumba, kenako anawonjezera kansalu ka lesi, mabatani, mikanda ndi kawaya kopachikira. Zonsezi anamata ndi guluu woyera mmodzi yemweyo, usiku umodzi. Kutacha anapeza nyenyezi itapindika ngati tsamba louma, zilembo zitasungunuka n'kusiya zigamba za buluu, ndipo mabatani atatu ali pansi. Funso lawo linali lakuti, "Kodi zinthu zosiyanasiyana chonchi zimagwirizanadi pachinthu chimodzi, kapena ndingosiya?"

Mayi, musasiye. Zimagwirizana ndithu, ndipo zimene munasankhazo ndi zabwino. Chimene chinakuvutani n'chakuti pepala, nsalu, pulasitiki ndi chitsulo chilichonse chili ndi khalidwe lake, ndiye chilichonse chimafuna guluu wake ndi nthawi yake. Ntchito imeneyi, imene ambiri amaitchula kuti mixed media, yagona pa kudziwa chimene chiyenera kuyamba, chimene chibwere pambuyo, ndi kudikira kuti chapansicho chiume.

Tiyambe ndi kupindikako, poti ndi kumene kumagwetsa mphwayi. Guluu woyera uja, amene pabotolo amalembapo PVA, ali ndi madzi ambiri m'kati mwake. Pepala likamwa madziwo limafufuma n'kutambasuka pang'ono, ndipo limamatika lili lotambasuka choncho. Likayamba kuuma limafuna kubwerera mmene linalili, koma popeza lagwirana kale ndi katoni, limaikoka kuti ipindikire mbali yake. Inu munamata kutsogolo kokha, ndiye kumbuyo kunalibe chokoka. Mankhwala ake ndi kumata pepala la mtundu umodzi mbali zonse ziwiri, nthawi yomweyo, kuti zikokane mofanana. Omanga mabuku amachita zimenezi pa zikuto zolimba kuyambira kalekale, ndipo n'chifukwa chake chikuto chabwino chimakhala ndi pepala lomatidwa m'kati mwake.

Katoni yakeyo nayonso ndi nkhani. Ya mabokosi ija, yokhala ndi mizere yamphako m'kati, imapindika mosavuta motsatira mizereyo. Ngati ndi imene muli nayo, dulani nyenyezi ziwiri n'kuzimata pamodzi, mizere ya ina iimirire, ya inayo igone. Koma ine ndimakonda katoni yotuwa yolimba, yochindikala mamilimita awiri, ngati ya kumbuyo kwa kalendala kapena ya chikuto cha kope lakale. Imavuta kudula, imafuna mpeni wakuthwa ndi rula yachitsulo, ndipo musayese kuidula ndi kamodzi. Pitani pamzere womwewo katatu kapena kanayi mosakanikiza kwambiri, idzalekana yokha bwinobwino.

Pojambula nyenyeziyo, lembani mizere iwiri yozungulira yochokera pakati pamodzi, wakunja wotalika masentimita 6 kuchokera pakati, wam'kati masentimita 3. Ikani timadontho madigiri 36 alionse, kadontho kena pamzere wakunja, kotsatira pawam'kati, mpaka mutazungulira. Mukalumikiza timadonthoto mupeza nyenyezi ya nsonga zisanu yonenepa pang'ono. Ndimaikonda yonenepayi chifukwa nsonga zowonda zimathyoka msanga, ndiponso pakati pamakhala malo okwanira oikapo zinthu.

Kawaya kopachikira kalowe nthawi imeneyi, pakati pa makatoni awiri aja ngati mwamata awiri, kapena pakati pa katoni ndi pepala lakumbuyo ngati ndi imodzi, mchira wake utapindidwa kuti usasololoke. Mukakamata pamwamba pomaliza, kulemera konse kwa nyenyezi kumakhala pa kadontho kamodzi ka guluu. Sankhani waya wa kopa, wa brass (chitsulo chachikasu chija) kapena wa aluminiyamu. Wachitsulo wamba amachita dzimbiri akakhudzana ndi guluu wamadzi, ndipo dzimbirilo limatulukira papepala ngati banga lofiirira. Zinandichitikira pa kabelu kena kamene ndinakapaka penti woyera, ndipo bangalo linabwereranso ngakhale nditapakapo kawiri.

Mukamaliza kumata, ikani nyenyezi pakati pa mapepala awiri apulasitiki, muisanjikize mabuku olemera, igone choncho usiku wonse. Tsiku loyamba lathera pomwepo.

Za inki ndizosavuta. Ma printer ambiri akunyumba, a mtundu wa inkjet, amagwiritsa ntchito inki yosungunuka m'madzi, ndiye guluu wamadzi akaikhudza imayenderera. Printer ya laser ndi makina a fotokope amagwiritsa ntchito ufa wapulasitiki umene umamatidwa papepala ndi kutentha, ndipo umenewo suopa madzi. Choncho pepala lanu lomwelo kalichititseni fotokope, mumate kopeyo. Masamba a buku lakale lotha ntchito nawonso sasungunuka. Pepala lililonse limene mukulikayikira, nyowetsani chala n'kupukuta pakona. Chala chikada, lisiyeni.

Tsopano mabatani aja. Guluu woyera amagwira bwino zinthu zimene zimamwa madzi, monga pepala, nsalu, thabwa ndi ulusi, chifukwa amalowerera m'timipata take n'kuumira momwemo. Batani lapulasitiki, mkanda wagalasi kapena kabelu kachitsulo n'zoterera, zilibe polowera, ndiye guluu amangouma pansi pake ngati kachikopa, ndipo mukakhudza pang'ono zimagwa. Njira imene ndimaidalira kuposa zonse ndi yosoka. Batani linapangidwa ndi mabowo kuti lisokedwe, ndiye boolani katoni ndi singano yaikulu kapena kamsomali, mudutsitse ulusi wolimba kawiri, mumange kumbuyo. Mfundozo mudzaziphimba ndi kansalu kapena pepala. Batani losokedwa silidzagwa ngakhale patapita zaka, ndipo ulusi wofiira kapena wagolide wooneka pamabowo umakongoletsanso.

Chimene sichingasokedwe chimafuna guluu wotentha wa kamfuti kaja, kapena gel medium yolimba, imene ili ngati penti wa acrylic (penti wamadzi amene akauma amakhala ngati pulasitiki) koma wopanda mtundu, wokhala ngati phala lolimba. Musanamate, kwechani kunsi kwa chinthucho ndi sandipepa kuti guluu apeze pogwira. Timfuti ta guluu tilipo ta mitundu iwiri, totentha pang'ono, pafupifupi madigiri 120 Celsius, ndi totentha kwambiri, tofika cha m'ma 190. Pa ntchito yaing'ono ngati iyi koyambako n'kokwanira, ndipo ngati tsiku lina mudzagwiritsa ntchito mipira yoyera ya polystyrene, pulasitiki yopepuka ngati thovu ija, kotentha kwambiriko kamaisungunula. Penti wopopera wambiri nayenso amaidya mipira imeneyi chifukwa cha mankhwala osungunulira amene ali m'chitinimo.

Ndikuchenjezeni za super glue, chifukwa anthu ambiri amathamangira kwa iye guluu woyera akawakhumudwitsa. Asakhudze lesi yanu ngati ndi yathonje. Guluu ameneyu akakumana ndi thonje amauma mwamsangamsanga n'kutulutsa kutentha kokhoza kuwotcha chala. Komanso amasiya chifunga choyera pa mikanda yoonekera, ndipo chifungacho sichichoka bwino.

Koma pali china chimene simunafunse, chimene ndikuganiza kuti n'chimene chinali kuseri kwa mawu anu oti "zimagwirizanadi". Ngakhale zonse zitamatika bwino, pepala lachikasu, lesi yoyera, batani lobiriwira ndi mikanda yofiira zingaoneke ngati zangotayidwa pamodzi. Chimene chimazisandutsa chinthu chimodzi ndi gesso. Uyu ndi penti woyera woyambira, wopangidwa ndi acrylic, ufa wa choko ndi mtundu woyera. Akauma amakhala wokhakhala pang'ono, ndipo penti wina aliyense amagwirapo, ngakhale papulasitiki. Mukamata lesi, kusoka mabatani ndi kuzunguliza kachingwe ngati mwakonda kuwonjezera, pakani gesso pamwamba pa zonsezo, inde, ndi mabatani omwe. Poyamba mtima umakana, chifukwa zimaoneka ngati mukuwononga. Koma akauma mudzaona kuti mitundu yolimbanayo yazimirira, kwatsala maonekedwe okha: timaluwa ta lesi, timabowo ta mabatani, kupota kwa chingwe. Pamene pali zilembo, sungunulani gesso ndi madzi pang'ono kuti mawuwo azioneka chapatali ngati ali m'nkhungu. Ngati gesso mulibe, sakanizani guluu woyera, penti woyera wa acrylic ndi ufa wa choko chopera, muwonjezere timadzi mpaka zikhale zopakika ndi burashi. Safanana ndendende ndi wogula, koma pa nyenyezi amagwira ntchito.

Tsiku lachiwiri lithere apa. Acrylic wopakidwa mopyapyala amauma pamwamba m'mphindi 20 kapena 30, koma m'timaenje ta lesi ndi pansi pa mabatani mumakhalabe chinyontho kwa maola ambiri.

Tsiku lachitatu ndi limene ndimalikonda. Sankhani mitundu iwiri yokha, kuwonjezerapo wonyezimira umodzi. Mwachitsanzo buluu woderako, woyera ndi siliva, kapena wofiira wakupsa, wofiirira ndi golide. Sungunulani woderawo ndi madzi mpaka aziyenda, mupake ponseponse kuti alowe m'maenje, kenako pukutani pamwamba ndi kansalu konyowa asanaume. Mdima utsala m'munsi, pamwamba payera, ndipo lesi imene inkaoneka yafulati imadzuka. Zikauma, tengani burashi youma yolimba, muiviike nsonga yokha mu golide, muipukute papepala mpaka ioneke ngati yatha penti, ndiye muziidutsitsa mopepuka pamwamba. Golide amangogwira pamalo otukuka, m'mphepete mwa mabatani ndi m'nsonga za nyenyezi. Chala chimagwiranso ntchito imeneyi bwino, mwina kuposa burashi. Apa ndi pamene katoni imayamba kuoneka ngati chitsulo chakale.

Musadere nkhawa kuti katoni ndi chinthu chonyozeka. Cha m'ma 1880 mpaka 1910, ku Dresden m'dziko la Germany ankapanga zokongoletsera za Khirisimasi ndi katoni yonyowetsedwa, yopanikizidwa m'zikombole n'kupakidwa golide kapena siliva, zooneka ngati nyama, nsomba, zombo ndi nyenyezi. Zimene zinapulumuka, lero osonkhanitsa zinthu zakale amazifunafuna kwambiri, mofanana ndi mipira yagalasi ya ku Lauscha, tauni ina ya ku Germany komweko, imene inatchuka m'zaka zomwezo. Ndipo zomata zinthu zachilendo pa chithunzi sizachibwana ayi. Mu 1912 katswiri wojambula Pablo Picasso anamata nsalu yosindikizidwa maonekedwe a zolukaluka za pampando pa chojambula chake, n'kuchizunguliza chingwe m'mphepete, ndipo chaka chomwecho wojambula mnzake Georges Braque anayamba kumata mapepala pa zojambula zake. Chingwe chanu ndi lesi yanu zili pamzere womwewo.

Chinthu chimodzi chisungeni osachipaka gesso, ndipo chiikidwe pomalizira penipeni, kuti diso lipeze pofikira. Likhoza kukhala batani limodzi lokongola kuposa onse, kabelu, kapena mikanda itatu yoikidwa pamodzi. Chiikeni pakati kapena pambali pang'ono, nsonga muzisiye zopepuka. Izi zimathandizanso kuti nyenyezi ilendewere mowongoka, chifukwa nsonga imodzi ikalemera imapendekera mbali imeneyo, ndipo ikalemera yonse nthambi imawerama.

Za glitter, ine ndinachepetsa kwambiri. Wambiri ndi tizidutswa tapulasitiki, timene tikagwa sitiwola, timapita ndi madzi otsukira burashi. Mayiko a European Union analetsa kugulitsa glitter wapulasitiki womwazika kuyambira mu October 2023 pa chifukwa chomwechi. Ngati mukumufuna ndithu, musakanizeni m'guluu woyera n'kupaka ndi burashi m'malo mowaza. Guluuyo akauma amaonekera, ndipo tizidutswato timakhala m'kati mwake osayoyoka.

Pomaliza pakani vanishi wa acrylic kamodzi, mopyapyala, kutsogolo ndi kumbuyo. Ndimasankha wosanyezimira kwambiri, kuti golide aziwala yekha. Ngati m'nyumbamo muli ana aang'ono, nyenyezi ya mabatani ndi mikanda ipachikidwe m'mwamba kumene sangafikeko, poti tinthu timeneti mwana akhoza kumeza. Ndipo pepala ndi lesi zisayandikire kandulo. Nyengo ikatha, ikulungeni m'pepala lofewa payokha, muisunge pouma. Zinthu ziwiri zopakidwa acrylic zikagundana kwa miyezi m'malo otentha zimamatirirana, ndipo pozilekanitsa penti amasendeka.

Nanga nyenyezi yopindikayo? Musaitaye, ingathe kuwongoka. Chotsani mabatani otsalawo ndi mikanda. Nyowetsani kumbuyo kwake pang'ono ndi siponji, mumatepo pepala lofanana ndi lakutsogolo, muiike pakati pa mapulasitiki n'kuisanjikiza mabuku kwa masiku awiri. Ngati lesi yatukuka kwambiri, ikani kansalu kopindidwa pamwamba pake kuti mabuku asaiphwanye. Zigamba za buluu zija zidzayesa kutulukira pa gesso, chifukwa inki yamadzi imadzukanso ikanyowa. Pamenepa muli ndi njira ziwiri. Mukhoza kuyamba mwapoperapo vanishi woonekera kuti inkiyo itsekeredwe, kapena kungosankha buluu ndi siliva kukhala mitundu yanu, kuti zigambazo zilowe m'gulu la zinzake. Ine ndikanatenga yachiwiriyi. Mukatero, sokani mabatani atatu anagwa aja pamalo awo, ndipo mupitirize kuchokera pa tsiku lachiwiri.