Mafunso a Galimoto: Utsi Wabuluu, Oyilo Akutha Msanga, Kodi Ndi Turbo?

Funso: Zikomo akuluakulu a tsamba lino. Ndili ndi Toyota Hilux ya dizilo, injini ya 1KD, yomwe ndimanyamulira mpunga kuchoka ku Nkhotakota kupita ku Lilongwe kudzera ku Salima. Yayamba kutulutsa utsi wabuluu, ndipo oyilo ndikuwonjezera pafupifupi ulendo uliwonse. Makaniko wina atamasula payipi ya mpweya anapezamo oyilo, n'kunena kuti turbo yatha. Kodi ndigule ina? Wamalonda, Nkhotakota.

Yankho: Bambo, musagule kaye. Kupeza oyilo m'payipi ya mpweya si umboni wokwanira. Injini zambiri za turbo zimakhala ndi kaoyilo kopaka m'kati mwa payipi imeneyi, chifukwa nthunzi yochokera m'kati mwa injini imadutsa pa breather (kapayipi kopumira injini) n'kulowa momwemo. Chodetsa nkhawa ndi oyilo wodontha, kapena wochita chithaphwi pansi pa intercooler (choziziritsa mpweya wa turbo usanalowe mu injini). Ngakhale apo, funso likadalipo: chamukankhira kumeneko n'chiyani?

Turbo ili ndi mawilo awiri pa shafti imodzi. Lina limazunguzidwa ndi utsi wa ekizozi, linalo limakankhira mpweya mu injini. Shaftiyi imazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi, ndipo imayandama pa oyilo wochokera mu injini. Oyiloyu amalowa pamwamba ndi mphamvu ya pampu, koma potuluka palibe chomukankha, amangotsika yekha m'payipi yonenepa ya pansi kubwerera mu sampu (mosungira oyilo pansi pa injini). Zomutchinga kuti asalowe ku mawilo si malabala ayi, ndi timaring'i tachitsulo tomwe timadalira kuti oyilo azitsika momasuka komanso kuti kumawiloko kukhale mpweya wokankha. Chimodzi mwa izi chikasokonekera, turbo yabwinobwino imataya oyilo, ndipo yatsopano imene mungagule idzatayanso.

Yambani ndi fyuluta ya mpweya. Fumbi la kuno kunyanja m'miyezi ya September ndi October, makamaka m'misewu yopita kumadooko ndi kuminda ya mpunga, limatseka fyuluta msanga kuposa momwe buku la galimoto limayembekezera. Ikatsekeka, turbo imasowa mpweya n'kuyamba kuyamwa oyilo kudzera pa timaring'i tija. Onaninso hosi ya pakati pa fyuluta ndi turbo ngati siikuphwatika mukaponda moto.

Kenako payipi yobwezera oyilo. Imasuleni, muone ngati yapindika kapena yatsekeka ndi oyilo wopserera. Makaniko wina akapaka silikoni pa gasiketi yake, silikoniyo amafinyikira m'kati n'kuchepetsa njira. Oyilo akadutsanso mzere wapamwamba pa dipstick (kachitsulo koyezera oyilo), vuto lake ndi lomwelo.

Chachitatu ndiye chimasocheretsa ambiri: maring'i a mapisitoni. Akatha, mpweya wa m'masilinda umathawira mu sampu, umakwera m'payipi yobwezera oyilo ija n'kumutsekera njira. Turbo imaoneka ngati ndiyo yolakwa pamene vuto lili pansi. Tenthetsani injini, muisiye ikulira pansipansi, mumasule chitsekero cha pothirira oyilo n'kungochikhazika pamalo pake. Chikamagwedezeka pang'ono, n'zachibadwa pa dizilo. Chikamadumpha, utsi n'kumatuluka ngati pa ketulo yowira, pitani kukayezetsa kompuresheni (mphamvu ya kufinyika kwa mpweya m'masilinda). Masilinda onse anayi ayenera kufanana, osasiyana kupitirira 10 peresenti. Breather yotsekeka imachitanso zomwezi, ndipo kuitsuka sikudya ndalama.

Zonsezi zikakhala bwino, yang'anani turbo yeniyeniyo. Injini itazima ndiponso itazizira, chotsani hosi yolowetsa mpweya, mugwire nati ya wilo ndi zala. Kusewera pang'ono m'mbali n'kololedwa, chifukwa nthawi imeneyo m'maberingi mulibe oyilo wokankha, bola timapiko tisakhudze khoma. Kusewera kolowa ndi kotuluka ndiye koopsa: sikuyenera kumveka m'zala n'komwe. Unikani ndi tochi. Timapiko tobenthuka, todyeka m'mphepete, kapena mikwingwirima yonyezimira pakhoma, zikutanthauza kuti turbo yathadi.

Pomaliza yezani kuchuluka kwa oyilo amene akupita. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, dikirani mphindi khumi, dzazani mpaka mzere wapamwamba, lembani makilomita. Mukayenda makilomita 1,000 yezaninso pamalo omwewo. Lita yathunthu ikapita pa mtunda umenewo, ndiye kuti vuto lakula, musachedwe.

Funso: Hiace yanga ikafika pa zitunda za msewu wa Salima kupita ku Lilongwe imasowa mphamvu, imalira ngati mluzu, ndipo utsi ndi wakuda. Oyilo sakutha. Dalaivala, Kamuzu Road, Salima.

Yankho: Achimwene, utsi wakuda ndi dizilo wochuluka pa mpweya wochepa, si oyilo. Mluzu womveka pokwera chitunda nthawi zambiri ndi mpweya womwe ukuthawa: hosi yang'ambika, kilampu yamasuka, kapena intercooler yabooledwa ndi mwala. Pamalo pothawira mpweya pamakhala ponyowa ndi kaoyilo kogwira fumbi, tsatirani mapayipi onse ndi dzanja mudzapapeza. Hosi ina imang'ambika cham'munsi, mng'alu n'kumatseguka pokhapokha injini ikalemedwa, choncho ifinyeni.

Ngati ili ya injini ya 1KD, turbo yake ili ndi timapiko tosuntha kumbali ya ekizozi. Mwaye ukatigwira, mphamvu imabwera mochedwa kapena kompyuta imachepetsa mphamvu dala pofuna kuteteza injini. Makina owerengera kompyuta akasonyeza P0299, ndiye kuti mpweya wa turbo ndi wochepa. Nambalayi siikunena kuti turbo yafa, ikungonena kuti mpweya sukukwana. Kulira kumene kuyenera kukuimitsani pomwepo ndi konga sairini kapena kwa chitsulo chokhulana ndi chinzake, chifukwa apo wilo likudya khoma ndipo tizidutswa take tikupita m'masilinda.

Funso: Mnzanga wa ku Dwangwa akuti galimoto yake inayamba kulira mokweza yokha, anazimitsa kiyi koma siinazime mpaka injini inaphulika. Zimatheka bwanji? Mayi woyendetsa pikapu, Benga.

Yankho: Zimatheka, Amayi, ndipo n'chifukwa chake sitifuna kuti munthu aziyenda ndi turbo yotaya oyilo. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto, chilichonse choyaka chikalowa m'silinda chimayaka ndi kutentha kwa kompuresheni. Oyilo akasonkhana mu intercooler n'kuyamwidwa wambiri nthawi imodzi, injini imayamba kuyendera oyiloyo. Kiyi imangotseka dizilo, choncho ilibe mphamvu pa oyilo.

Zikakuchitikirani pa galimoto ya magiya apamanja, pondani buleki mwamphamvu, kokani buleki ya pamanja, lowetsani giya yapamwamba kwambiri, n'kusiya kilachi mwakamodzi kuti injini itsamwe. Njira ina ndi kutseka polowera mpweya ndi thabwa, kapena kupoperamo chozimitsira moto cha CO2. Musatseke ndi dzanja kapena kansalu, ndipo musathiremo madzi. Zikakanika m'masekondi ochepa, tsitsani anthu, mutalikire. Ikazima musailizenso mpaka intercooler ndi mapayipi onse atatsukidwa.

Funso: Ndaikitsa turbo kachiwiri pa chaka chimodzi. Ndichite chiyani kuti iyi ikhalitse? Wowerenga, Senga Bay.

Yankho: Turbo ikafa kawiri motsatizana, chomwe chinapha yoyamba chikadali m'galimotomo. Kawirikawiri ndi payipi yopyapyala yobweretsa oyilo. Imadutsa pafupi ndi ekizozi, oyilo amapsereramo n'kuchepetsa njira, ndipo kunja siioneka kuti ili ndi vuto. Isintheni pamodzi ndi mawasha ake, osangoipopera mpweya. Yezetsaninso mphamvu ya pampu ya oyilo ndi geji.

Tsiku loika, thirani oyilo watsopano ndi fyuluta yake, sinthani fyuluta ya mpweya, tsukani intercooler n'kuiumitsa bwino. Musanamange payipi, thirani oyilo woyera pabowo la pamwamba pa turbo uku mukuzunguza wilo ndi chala. Zunguzani injini ndi sitata osailola kulira mpaka getsi la oyilo litazima, kenako ilire pansipansi mphindi zisanu musanaponde moto. Utsi pang'ono masiku oyambirira usakuopseni, ndi oyilo wakale wotsalira mu ekizozi.

Oyilo akhale wa mtundu wolembedwa m'buku la galimotoyo, wogulidwa m'botolo losatsegulidwa. Wa m'mbali mwa msewu wothira m'mabotolo a madzi, ngakhale atchipe bwanji, musiyeni. Ndi kutentha ndi fumbi la kuno, sinthani pa makilomita 5,000 aliwonse. M'mawa musaponde moto injini itangolira, ipatseni theka la mphindi oyilo afike kumaberingi. Mukafika kuchokera ulendo wothamanga kapena wolemedwa, isiyeni ilire mphindi ziwiri musanazimitse, chifukwa pampu ikaima turbo ikadali moto, oyilo wotsala m'maberingi amapsa n'kusanduka makala.