Tchuthi cha banja m'kanyumba ka m'mphepete mwa damu: zofunika kudziwa musananyamuke

Mayi, mwafunsa kuti banja la anthu anayi, ana awiri wazaka 4 ndi wazaka 9, likonzekere bwanji kukagona masiku asanu m'kanyumba kamatabwa ka m'mphepete mwa damu lakumudzi kopanda phokoso. Ambiri akuyankhani za zovala ndi masewera. Zimenezo n'zosavuta. Chovuta ndi madziwo, chifukwa damu si nyanja yachilengedwe ayi.

Damu ndi chigwa chomwe anthu anachitseka ndi chipupa madzi n'kudzaza. Zonse zomwe zinali m'chigwamo zikadali pansi: zitsa, mitengo yoimirira, waya wa mipanda, miyala, ngakhale khwawa la mtsinje wakale. N'chifukwa chake mwana amatha kuyenda madzi akumulekeza m'mawondo, n'kuponda kamodzi kokha n'kupezeka ali paphompho. Chinanso, madzi a m'damu amakwera ndi kutsika malinga ndi mmene oyang'anira akutsegulira zitseko, kaya pothirira minda kaya popanga magetsi. Chithunzi chomwe mwaona, madzi afika pakhonde, mwina anachijambula damu litadzaza. Mukafika nthawi yachilimwe mungapeze matope ataliatali pakati pa nyumba ndi madzi, matope oti munthu wamkulu amatitimira mpaka m'ntchafu nsapato n'kutsalira momwemo. Choncho musanalipire, muuzeni mwininyumba akutumizireni chithunzi cha sabata ino, ndipo mumufunse ngati kusambira n'kololedwa. M'madamu ambiri osungira madzi akumwa amaletsa kusambira, ena amaletsanso maboti a injini.

Tsiku loyamba ana asalowe m'madzi munthu wamkulu asanayendemo ndi ndodo yaitali, kufufuza pansi ndi kuika chizindikiro pomwe pakuyambira kuya. Kudumphira chamutu kuchokera pathandala kapena pamwala ayi ndithu, popeza chitsa sichioneka m'madzi amatope. Madzi apamwamba amafunda ndi dzuwa, koma m'munsi mwake amazizira kwambiri, ndipo munthu akagweramo mwadzidzidzi amakoka mpweya mosafuna n'kumeza madzi, ngakhale akhale katswiri wosambira. Kufupi ndi chipupa, potayira madzi ndi pomwe mapaipi amakokera madzi musayandikireko n'komwe, kaya mukusambira kaya muli m'bwato. Pamwamba pamaoneka bata, pansi madzi akukoka.

Za majekete oyandamitsa, musadalire omwe mukawapeze m'nyumbamo, kawirikawiri amakhala a akuluakulu okhaokha. Gulani potengera kulemera kwa mwana, osati zaka zake. Makilogalamu amalembedwa mkati mwa jekete. Mukamuveka ndi kumanga malamba, mugwireni jeketelo pamapewa n'kukokera m'mwamba. Likakwera mpaka kuphimba chibwano kapena makutu, ndiye kuti ndi lalikulu ndipo lidzavuka m'madzi. La wazaka 4 likhale ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo ndi kolala yochirikiza mutu. Timatumba topopa tovala m'mikono tija ndi zidole chabe. Ndipo gwirizanani kuti nthawi iliyonse pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana, foni itaikidwa pansi, ali poti akhoza kumugwira wamng'onoyo atangotambasula dzanja. Mwana akamamira sakuwa, sakupiza manja. Amangoti zii n'kulowa pansi, akuluakulu ali chicheze pafupi pomwepo, aliyense akuganiza kuti mnzake akuona. Usiku chitseko choyang'ana kumadzi chikhale ndi loko yapamwamba pomwe mwana sangafikire.

Mukaona madzi abiriwira ngati munthu watayiramo penti, kapena thovu lobiriwira launjikana m'mbali komwe mphepo ikulowera, tsiku limenelo palibe kusambira. Ndere zamtundu umenewo zimatulutsa poizoni woyabwitsa khungu ndi kutsegula m'mimba, ndipo zimapha agalu omwe amwa madziwo. Kuwiritsa sikuchotsa poizoniyo. Ngati damulo lili kudera lotentha, funsani kuchipatala chapafupi za likodzo, chifukwa nkhono zofalitsa matendawa zimakonda madzi odekha okhala ndi udzu.

Madzi akumwa tengani anu. Werengerani malita 4 pa munthu patsiku, akumwa ndi ophikira: anthu anayi masiku asanu ndi malita 80, zigubu zinayi za malita 20. Mpopi wa m'nyumba zoterezi nthawi zina umakoka madzi m'damu momwemo, ndiye funsani gwero lake. Mukakakamizika kugwiritsa ntchito a pachitsime, abwate kwa mphindi imodzi yathunthu.

Tsopano nyumbayo. Ngati yakhala yotseka nthawi yaitali, tsegulani zitseko ndi mawindo kwa mphindi 30 ana ali panja. Mukapeza ndowe za makoswe m'makabati musasese zouma, fumbi lake limanyamula matenda. Nyowetsani ndi bulichi, gawo limodzi pa magawo 9 a madzi, dikirani mphindi zisanu, kenako pukutani mutavala magolovesi. Chomwe chimapha anthu m'tinyumba totere usiku ndi mpweya wa carbon monoxide wochokera ku jenereta ndi moto wamakala, womwe suoneka ndiponso sununkha. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kapena kuposerapo kuchokera pawindo, osati pakhonde. Moto wamakala usalowe m'nyumba ngakhale kuzizire chotani. Aliyense akayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru nthawi imodzi, tulukani kaye, zofufuza pambuyo. Kachipangizo kolira kakamva mpweyawu kamakwana m'thumba, tengani kanu ndi mabatire atsopano.

Magetsi akathima, furiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi basi. Tengani mabokosi a ayezi awiri, lina la zakumwa lomwe ana azitsegula pafupipafupi, lina la nyama lotsegulidwa kamodzikamodzi. Mabotolo a madzi oumitsa amakhalitsa kuposa ayezi wophwanya, ndipo akasungunuka mumamwa. Chimbudzi chikakhala cha thanki yapansi, musataye matewera kapena timapepala tonyowa topukutira ana, chimatseka ndipo wokonza ali kutali.

Bwato likakhalapo, tulukani m'mawa, chifukwa mphepo imakonda kulimba masana. Popita palasani molimbana ndi mphepo kuti pobwera, manja atatopa, izikukankhirani kunyumba. Bingu likangogunda tulukani m'madzi, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza. Wofuna kuwedza afunse za chiphaso, malo ambiri amachifuna.

Netiweki m'zigwa imavuta. Sungani mapu mufoni mukadali kunyumba, lembani papepala njira yopita kuchipatala chapafupi ndi nthawi yomwe imatenga, ndipo muuze wachibale tsiku lobwerera. Mufunseni mwininyumba ngati msewu womaliza umapitika ndi galimoto yaing'ono mvula ikagwa. Fikani kusanade, thanki ya mafuta isanatsike kupyola theka, ndipo galimoto muziiimika itayang'ana kotulukira, makiyi ali pamalo amodzi odziwika kwa akuluakulu onse.